Kufufuza makolo m'parishi ya kumudzi ku England: chitsanzo cha Myddle

Munthu akafuna kudziwa za makolo amene adakhala kumudzi ku England zaka 200 kapena 300 zapitazo, dzina la banja palokha silimufikitsa patali. Chofunika kuyamba nacho ndi dzina la parishi. Kwa zaka mazana angapo, parishi ya mpingo wa Anglican ndiyo idali boma la munthu wamba wa kumudzi. Ndiyo inkamubatiza, kumukwatitsa ndi kumuika m'manda. Ndiyo inkamukhometsa msonkho wothandizira osauka, ndipo iye mwini akasauka, ndiyo inkamudyetsa kapena kumupitikitsa. Zonsezi zinkalembedwa, koma wolembayo sankaganizako za zidzukulu zimene zidzabwere kudzafunsa. Wansembe ankatsata lamulo la mfumu, wokhometsa msonkho ankafuna ndalama, mwini malo ankafuna lendi. Choncho wofufuza wanzeru amadzifunsa nthawi zonse kuti ndani adali ndi chifukwa cholembera dzina la munthu wake, ndipo pepalalo lidakathera kuti.

Nkhaniyi ikukhudzanso ena mwa ife: a kwathu amene adakwatira kapena kukwatiwa ku Britain ndipo ana awo akufunsa za mbali inayo, komanso mabanja amene agogo awo aamuna adali Angelezi obwera ku Nyasaland. Kuti zimveke bwino, nditenga parishi imodzi yeniyeni, Myddle, m'chigawo cha Shropshire, makilomita pafupifupi 13 kumpoto kwa tawuni ya Shrewsbury. Tchalitchi chake ndi cha St Peter. Parishiyi sidali mudzi umodzi ayi. Mudali Myddle weniweniyo, Marton, Newton on the Hill, Balderton, komanso Hadnall yemwe adali ndi katchalitchi kakekake. M'mapepala ambiri akale dzinali lidalembedwa kuti Middle, ndipo wofufuza pa intaneti akaiwala zimenezi, zambiri zimamudutsa.

Maziko a zonse ndi mabuku a kaundula a tchalitchi. Mu 1538, m'nthawi ya mfumu Henry VIII, nduna yake Thomas Cromwell idalamula kuti wansembe aliyense azilemba ubatizo, ukwati ndi maliro onse a m'parishi yake, bukulo lizisungidwa m'bokosi lokhoma. Mabuku oyambawo adali a mapepala wamba ndipo ambiri adawola. Mu 1598 kudatuluka lamulo lakuti zonse zikoperedwe m'mabuku a zikopa, makamaka kuyambira 1558, chaka chimene Elizabeth I adalowa ufumu. Alembi ambiri adangoyambira pomwepo, n'chifukwa chake maparishi ochuluka kaundula wawo amayamba 1558. Lamulo lomwelo lidati chaka chilichonse kope lizitumizidwa kwa bishopu. Makope a bishopuwa ndi opulumutsa kwambiri: buku la m'parishi likapezeka kuti lidanyowa, lidadyedwa ndi makoswe kapena lidang'ambika masamba, kope la ku dayosizi nthawi zina limakhala lidakalipo. Ndipo ngakhale onse awiri alipo, ndi bwino kuwaona onse, chifukwa sagwirizana nthawi zonse.

Musayembekezere zambiri m'mabuku oyambirirawa. Mzere wa ubatizo umakhala tsiku, dzina la mwana ndi dzina la bambo, basi. Mzere wa maliro nthawi zambiri ndi dzina lokha, popanda zaka. Alembi ena ankalemba m'Chilatini, moti William amaoneka ngati Gulielmus, John ngati Johannes, James ngati Jacobus. Palinso mipata. M'zaka za nkhondo ya pachiweniweni imene idayamba mu 1642, ansembe ambiri adachotsedwa, ndipo mu 1653 ntchito yolemba kaundula idaperekedwa kwa munthu wamba wosankhidwa, maukwati n'kumamangidwa ndi majisitireti. Mpaka ufumu utabwerera mu 1660, mabuku a maparishi ambiri ndi obalalika kapena opanda kanthu, ndipo mizere yambiri ya mabanja imadukira pamenepo.

Kalendala nayo imagwetsa ongoyamba kumene. Chisanafike chaka cha 1752, chaka ku England chinkayamba pa 25 Malichi. Tinene kuti mwapeza mwana wobatizidwa mu Okutobala 1700, kenako mayi ake ataikidwa m'manda mu Febuluwale 1700. Zikuoneka ngati mayiyo adamwalira mwana asanabadwe, pamene zoona zake n'zakuti Febuluwale ameneyo adabwera pambuyo pa Okutobala, ndipo mwa kawerengedwe kathu ndi wa 1701. M'chaka cha 1752 chomwecho adadumphanso masiku 11, pa 2 Sepitembala n'kutsatiridwa ndi pa 14.

Zinthu zidayamba kuyera pa 25 Malichi 1754, pamene lamulo la maukwati la Lord Hardwicke lidayamba kugwira ntchito. Kuyambira pamenepo ukwati uliwonse, kupatula wa Ayuda ndi wa a mpingo wa Quaker, unkayenera kumangidwa m'tchalitchi cha Anglican utalengezedwa katatu kapena patatengedwa chilolezo, ndipo unkalembedwa m'buku lakelake. Tsamba la buku limeneli ndi loyenera kuliyang'ana modekha. Pali dzina la mkwati ndi parishi yake, dzina la mkwatibwi ndi parishi yake, kenako onse awiri amasaina. Wosadziwa kulemba amangoika X, wansembe n'kumulembera dzina pambali. M'munsimo muli mboni ziwiri, ndipo ambiri amazidumpha pamene mboniyo nthawi zambiri ndi mchimwene, mlongo kapena bambo wa mkwatibwi. Dzina limodzi likamabwerabwera ngati mboni pa maukwati ambirimbiri, ameneyo kawirikawiri ndi kalaliki wa parishi, osati wachibale. Kenako pa 1 Januwale 1813, potsatira lamulo la George Rose, mabuku a ubatizo ndi maliro adakhala osindikizidwa kale mizere: pa ubatizo dzina la bambo ndi la mayi, kumene akukhala ndi ntchito ya bambo; pa maliro, zaka za womwalirayo.

Apa pali chinthu chimene chimatipweteka ife amene tidakulira m'mbumba, kumene mwana amawerengedwa kwa mayi ake ndipo mtundu umayenda kuchikazi. Mabuku a ku England amatsata bambo. Mkazi akakwatiwa, dzina la kwawo limazimiririka, ndipo m'buku la ubatizo amangotchulidwa Mary kapena Elizabeth, mwinanso osatchulidwa n'komwe. Pa maliro ake angalembedwe kuti mkazi wa uje kapena wamasiye wa uje. Ngakhale pa setifiketi ya ukwati ya boma, ankalemba dzina la bambo lokha mpaka mu Meyi 2021 pamene adayamba kulembanso la mayi. Khomo lolowera kwa makolo a mkazi ndi mzere wa ukwati wake. Mukausowa, theka la mtundu latsekeka. Ndipo popeza ukwati nthawi zambiri unkachitikira kwawo kwa mkazi, mungafunike kuufuna m'parishi ina osati imene anawo adabatizidwira.

Msampha waukulu koposa ndi maina ofanana. M'mudzi umodzi mumapezeka anthu atatu a dzina limodzi, bambo, mwana ndi msuweni, onse ali moyo nthawi imodzi. Mwana akamwalira ali wakhanda, makolo ankapatsanso dzina lomwelo kwa wotsatira. Munthu wachangu amapeza ubatizo wa dzina limene akufuna m'chaka choyenera n'kunena kuti wapeza agogo, osaona kuti masamba ochepa kutsogolo, m'gawo la maliro, mwana yemweyo adaikidwa asanathe chaka. Ine ndimaona kuti mzera uliwonse womangidwa pa kaundula wa ubatizo yekha ndi wokayikitsa mpaka pepala la mtundu wina litauvomereza.

Myddle ali ndi mwayi umene maparishi ena alibe. Mlimi wina wa ku Newton on the Hill, Richard Gough, wobadwa mu 1635 ndipo adamwalira mu 1723, adalemba mbiri ya parishi yake m'zaka za 1700 ndi 1701. Njira imene adatsata ndi yodabwitsa. Adajambula m'kati mwa tchalitchi, kusonyeza mabenchi onse, kenako n'kuyenda benchi ndi benchi kufotokoza banja limene linkakhala pamenepo. Masiku amenewo benchi inkatsatira nyumba ndi munda, olemera kutsogolo, osauka kumbuyo, choncho chithunzi chakecho chimaonetsa mudzi wonse monga momwe udasanjikidwira. Pa banja lililonse amanena kumene lidachokera, amene adakwatira yani, amene adalemera, amene adamwera munda wonse m'nyumba ya mowa, amene adaba, amene adapita ku London osabwerako. Amanenanso kuti kuchokera ku Myddle, Marton ndi Newton kudapita amuna 20 kukamenyera nkhondo mfumu, ndipo 13 mwa iwo adafera komweko. Amuna amenewa simungawapeze m'buku la maliro la parishi, chifukwa adaikidwa kutali. Zolemba za Gough zidasindikizidwa zonse mu 1875, ndipo katswiri wa mbiri David Hey, amene adatulutsa kafukufuku wake wa Myddle mu 1974, adaziyerekeza ndi kaundula, mawilo (zikalata zogawira chuma cha masiye) ndi mapepala a malo n'kupeza kuti mkuluyu nthawi zambiri ankanena zoona. Komabe adali munthu wa m'mudzimo, wokhala ndi amene ankawakonda ndi amene ankawaipidwa nawo, ndipo akamaweruza khalidwe la mnansi wake tiyenera kukumbukira kuti mnansiyo sadapatsidwe mpata woyankha.

Kumene kulibe Gough, mawu a anthu osauka amamvekera m'mapepala a lamulo la osauka, ndipo kwa ine awa ndiwo mapepala okoma kuposa onse a m'bokosi la parishi. Kuyambira 1601, parishi iliyonse idapatsidwa udindo wosamalira osauka ake, ndi ndalama zokhometsedwa kwa okhala ndi nyumba ndi minda. Oyang'anira osauka ankalemba chilichonse chimene atulutsa: mashilingi a mlungu kwa mayi wamasiye, nsapato za mwana, malasha a m'nyengo yozizira, bokosi la maliro. Popeza ndalamazo zinkachoka m'matumba a anthu a m'mudzimo, funso lakuti wosauka uyu ndi wa parishi iti lidakhala nkhani yaikulu. Lamulo la 1662 lidati munthu aliyense ali ndi parishi imodzi yoyenera kumusamalira, ndipo mlendo wooneka kuti angadzakhale mtolo ankatha kubwezedwa kwawo. Munthu ankapeza ufulu m'parishi yatsopano ngati wagwirako ntchito ya chaka chathunthu asanakwatire, ngati waphunzirako ntchito ya manja mwa pangano, kapena ngati akuchita lendi malo a mapaundi 10 pa chaka. Mkazi ankatenga parishi ya mwamuna wake. Mwana wobadwa kunja kwa ukwati ankakhala wa parishi imene wabadwira, n'chifukwa chake atsikana apakati ankakankhidwa kuti awoloke malire asanachire. Alimi ena ankalemba wantchito masabata 51 okha kuti chaka chisakwane.

Nkhanza zimenezi ndizo zidatisiyira chuma. Pofuna kudziwa kwawo kwa munthu, majisitireti ankamufunsa atalumbira, kalaliki n'kumalemba: adabadwira kuti, bambo ake adali yani, adayamba ntchito kwa yani ali ndi zaka zingati, ankalandira zingati pa chaka, adakwatira liti ndipo kuti, ana ake ndi angati, maina ndi zaka zawo. Pa tsamba limodzi mumapeza moyo wonse wa munthu amene sadasiye munda, wilo kapena mwala pa manda. Pamodzi ndi mapepala amenewa pamakhala zikalata zobweza munthu kwawo, mapangano opereka ana osauka kwa alimi kuti akagwire ntchito, ndi mapepala otchula bambo wa mwana wobadwa kunja kwa ukwati pomukakamiza kulipira. Maparishi awiri akakanganirana munthu, mlandu unkapita ku bwalo la chigawo limene linkakhala kanayi pa chaka, ndipo Gough mwini amasimba milandu ingapo yotere imene Myddle adalimbana ndi maparishi ena. Mu 1834 dongosololi lidasintha: maparishi adaphatikizidwa m'magulu, gulu lililonse ndi workhouse yake, nyumba imene osauka ankasungidwamo n'kumagwiritsidwa ntchito. Myddle adalowa m'gulu la Ellesmere, choncho wosauka wa ku Myddle wa pambuyo pake mukamufune m'mabuku a kumeneko.

A chuma pang'ono amapezeka m'mawilo. Chisanafike 12 Januwale 1858, wilo inkatsimikizidwa ndi makhoti a mpingo, ndiye muyenera kudziwa dayosizi. Myddle adali pansi pa Lichfield, ndipo zolemba za dayosiziyi, mawilo pamodzi ndi makope a bishopu aja, lero zili ku Stafford, kunja kwa Shropshire. Olemera kwambiri, kapena okhala ndi katundu m'madayosizi angapo, mawilo awo ankapita ku khoti lalikulu la Canterbury, ndipo makope ake ali ku The National Archives, nyumba ya boma yosungira zolemba zakale, ku Kew mu London. Wilo imathetsa mikangano imene kaundula amayambitsa, chifukwa imatchula ana ndi maina awo, ana aakazi ndi maina a amuna awo, zidzukulu, nthawi zina mlamu. Mawilo a zaka za m'ma 1500 ndi 1600 nthawi zambiri amabwera ndi ndandanda wa katundu wolembedwa ndi anansi: ng'ombe zingati, nkhosa zingati, tchizi cha m'nkhokwe, miphika ya mkuwa, mabedi, chipinda ndi chipinda. Musangoyang'ana wilo ya kholo lanu lokha. Ya mbeta yokalamba kapena ya amalume opanda ana imatchula abale ambiri kuposa ya bambo wa banja. Mawilo a akazi okwatiwa ndi osowa lisanabwere lamulo la 1882, popeza katundu wa mkazi ankawerengedwa wa mwamuna.

Za msonkho ndi malo ndingodutsamo. Kuyambira 1662 mpaka 1689 kudali msonkho wa mashilingi 2 pa chaka pa malo aliwonse osonkhapo moto m'nyumba, ndipo mindandanda yake imaonetsa mitu ya mabanja ndi kukula kwa nyumba zawo. Eni malo akuluakulu, monga banja la Egerton limene lidali ndi Myddle m'nthawi ya Gough, ankasunga mabuku a lendi ndi mapangano a matenanti awo. Kumadzulo kwa England mapangano ambiri ankamangidwa pa miyoyo ya anthu atatu otchulidwa maina, kawirikawiri bambo, mayi ndi mwana, ndipo pepala lotere ndi umboni wolimba wa ubale. Lamulo la 1836 litasintha chakhumi cha tchalitchi kuchoka pa zokolola kukhala ndalama, maparishi ambiri adajambulidwa mapu. Munda uliwonse uli ndi nambala, ndipo m'buku lotsagana nawo nambalayo ili ndi dzina la mwini, dzina la wolima, dzina la munda ndi kukula kwake. Ndi mapu amenewa munthu angathe kukaima pamalo penipeni pamene padali nyumba ya makolo ake.

Ngakhale ndafotokoza kuchokera kale kubwera kuno, kufufuza kwenikweni kumayenda chobwerera m'mbuyo, kuchokera kwa munthu amene mukumudziwa motsimikiza. Boma lidayamba kulemba kubadwa, ukwati ndi imfa pa 1 Julayi 1837. Setifiketi ya kubadwa ili ndi dzina la kwawo kwa mayi, chinthu chimene tchalitchi nthawi zambiri sichinkalemba. M'zaka zoyambirira ana ena sadalembedwe, mpaka mu 1875 pamene udindo udaikidwa pa makolo. Kalembera woyamba wokhala ndi maina a anthu onse ndi wa 1841, koma zaka za opitirira 15 ankazitsitsa kufika pa nambala yogawika ndi 5, moti wa zaka 44 amaoneka wa 40, ndipo za kobadwira amangoti m'chigawo chino kapena ayi. Wa 1851 ndiye mlatho weniweni: amanena ubale wa aliyense ndi mutu wa banja, zaka zake, ndi parishi imene adabadwira. Nkhalamba ya zaka 75 mu 1851 ikuuzani parishi yoti mukatsegule buku la ubatizo la m'ma 1770. Wa 1911 uli m'zolemba za mwini nyumba ndi dzanja lake, ndipo umanena zaka za ukwati ndi ana obadwa, amoyo ndi omwalira. Wa 1921 udatsegulidwa mu Januwale 2022. Wa 1931 udapsa ndi moto mu 1942, ndipo mu 1941 kudalibe kalembera chifukwa cha nkhondo, choncho kaundula wa pa 29 Sepitembala 1939, amene ali ndi masiku obadwa, ndiye amatseka mpatawo.

Mabuku akale a parishi lero sakhalanso m'tchalitchi. Lamulo la mpingo la 1978 lidachititsa kuti ambiri asamutsidwire ku nyumba zosungira zolemba zakale za m'chigawo, ndipo a Myddle ali ku Shropshire Archives ku Shrewsbury. Munthu ali ku Lilongwe kapena ku Johannesburg angayambe osalipira kanthu: FreeBMD ili ndi mindandanda ya kubadwa, ukwati ndi imfa kuyambira 1837, FreeREG ndi FamilySearch zili ndi zokopera za m'makaundula, GENUKI imafotokoza parishi iliyonse ndi kumene zolemba zake zili. Zithunzi za masamba enieni nthawi zambiri zili pa Findmypast kapena Ancestry, kumene kumafunika kulipira. Langizo langa ndi lakuti zokopera muzizitenga ngati cholozera chabe. Wokopera amalakwitsa zilembo zakale, ndipo amasiya mawu a m'mphepete amene wansembe adawonjezera, monga akuti wosauka, mlendo, kapena kuti mwanayo bambo ake sakudziwika. Dziwaninso kuti zimene zili pa intaneti ndi kaundula ndi kalembera makamaka. Mapepala a osauka, mabuku a lendi ndi milandu ya chigawo, ambiri akadali m'mabokosi, ndipo pamafunika kufufuza m'kabukhu ka nyumba yosungirayo, kulembera kalata ogwira ntchito kumeneko n'kulipira kuti akujambulireni.

Banja likasowa mwadzidzidzi m'mabuku a parishi, zifukwa zimakhala ziwiri kawirikawiri. Mwina lidachoka mu Anglican. Kuyambira 1689 mipingo ina ya Chipulotesitanti idaloledwa kupembedza poyera, ndipo a Baptist, a Independent, kenako a Methodist ankalemba mabuku awoawo a ubatizo, ambiri mwa iwo adaperekedwa ku boma cha m'ma 1837 ndipo ali ku Kew. Banja lotere mudzalipeza pa ukwati m'buku la Anglican chifukwa cha lamulo la 1754 lija, koma ana ake osaoneka. Kapena lidangosamuka. Anthu a kumudzi ku England sankakhala malo amodzi monga ambiri amaganizira. Anyamata ndi atsikana ankachoka pakhomo ali achichepere kukagwira ntchito za pachaka m'mafamu, chaka chino kuno, chaka chamawa uko, n'kukakwatira kumene apezana. Koma maulendo ambiri adali aafupi, oyenda tsiku limodzi pansi. Wa ku Myddle akasowa, tsegulani mabuku a Baschurch, Loppington, Wem ndi Preston Gubbals, kenako a maparishi a m'tawuni ya Shrewsbury kumene kudali msika, musanayambe kumuganizira za London.